Akulu anaima pageti, ine ndinathamangira chikwama

Lachinayi lapitali akulu anga, a Yotamu, anafika kuno ku Kafue kuchokera ku Botswana kumene akhala akuphunzitsa kwa zaka zisanu ndi zitatu. M'zaka zimenezo amayi athu anadwala, anatisiya, ndipo tinawaika m'manda iwo palibe. Chino ndi chaka chachitatu chimwalirire amayiwo.

Inu amene makolo anu anachokera kummawa mukuudziwa mwambo wake. Munthu amene maliro anamupita akafika pakhomo salonjeredwa ayi. Amayamba kulira akadali panja, a m'nyumba n'kumulandira ndi kulira komweko, nonse mukhale pansi mpaka mtima utsike. Madzi akumwa ndi malonje zimabwera pambuyo.

A Yotamu anafika kunyumba kwathu ku Esiteti n'kuima pageti. Anaima ndithu. Chikwama anachitula pansi, maso ali patsinde pa mango pamene amayi ankakonda kuyala mphasa. Ndinaona kuti akufuna kuyamba kulira.

Mukudziwa chimene ndinachita ine? Ndinathamanga, kutola chikwama chija, n'kunena kuti, "Ba Yotamu, mwanenepa! Nyama ya ku Botswana yakukondani."

Iwo anaseka, inenso ndinaseka. Misozi inabwerera kumene inachokera, ndipo tinalowa m'nyumba ngati anthu amene anaonana dzulo.

Ndisakunamizeni kuti ndinaiwala mwambo. Ndinachita mantha. Ndinadziwa kuti akayamba iwo, ine sinditha kudzigwira, ndipo aneba onse a mumzere wathu aona bambo wandevu zaimvi akulira chokweza ngati mwana wotayika pamsika.

Koma panalinso china, ndipo n'chimene chikundichititsa manyazi kwambiri. Tsiku limeneli ndinali nditalikonza m'mutu mwanga kwa zaka zitatu. Chichotsedwereni ntchito kufakitale ya nsalu ndimagulitsa salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, pamsika, ndipo munthu wodikira makasitomala amakhala ndi nthawi yambiri yoganiza. M'maganizo mwangamo akulu ankafika, kugwetsa nkhope, n'kupepesa. Ine ndinkakhala chete pang'ono kuti amve kuwawa, kenaka ndinkawafotokozera mmene ndinkakwezera amayi panjinga kupita nawo kuchipatala, iwo atandigwira malaya kumbuyo ndi manja opanda mphamvu. Pomaliza ndinkawakhululukira, poti ndine munthu wa mtima waukulu.

Sewero lake linali lokongola kwabasi. Vuto n'lakuti a Yotamu ndinali ndisanawapatse mawu awo. Anabwera ndi kulira, pamene ine ndinkadikira kupepesa, ndiye ndinawatseka pakamwa ndi nthabwala.

Masiku anayi amene anakhala nafe ndinawasamala akulu anga mmene sindinasamalirepo mlendo aliyense. Lachisanu tinapita ku Chanyanya kukasankha nsomba zongovuulidwa kumene. Loweruka ndinawazungulitsa tauni yonse, kuwaonetsa fakitale imene inangoti zii, udzu utamera pamene tinkaimika njinga. Tinakambirana za kugulitsidwa kwa makampani a boma, za kukwera kwa ufa, za minibasi zimene zadzaza msewu wa ku Lusaka. Akanatimva a boma akanatitenga tonse awiri kuti tikawalangize.

Za amayi, ngakhale liwu limodzi.

Si kuti mpata unasowa. Tsiku lina iwo anaima pachitseko cha kachipinda kakumapeto n'kufunsa motsitsa ngati ndimo amayi ankagona. Ndinavomera ndi mutu, ndipo pomwepo ndinawauza kuti nshima ikuzizira. Mawa lake ndine ndinalimba mtima, ndinayamba kunena za sabata yomaliza ya moyo wa amayi, koma iwo anatambasula dzanja n'kukweza wailesi ati amve za mpira. Aliyense ankatsegula pamene mnzake watseka.

Mkazi wanga, amake Tisa, anatiyang'ana mpaka kutopa. Anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti ana a mimba imodzi tikuzembana ngati mkamwini ndi apongozi ake, ndipo anafunsa kuti kumanda tipita liti. Ndinayankha kuti mlendo ndiye ayenera kupempha. Iye anati nanga mlendoyo akamadikira kuti mwini khomo amutenge? Ndinamuuza kuti za amuna azisiye, ndipo anazisiyadi.

Tsono ndikufunseni, abale anga. Kodi matendawa ali m'nyumba mwanga mokha?

Ine ndikuti ayi, ndipo ndikunena mosajejema. Chiyambire kutsekedwa kwa mafakitale, tauni ino yabalalika. Ena ali ku Botswana, ena ku Joni, ena anabwerera kumudzi kukagwira khasu limene analithawa. Tikakumananso timabwera ndi nkhope zochapa. Wochokera kunja safuna kuti tidziwe kuti kumeneko amagona m'kachipinda kamodzi, akutchedwa mlendo tsiku ndi tsiku. Wotsala safuna kuti aoneke ngati wagonja. Ukafunsa kuti zikuyenda bwanji, yankho ndi limodzi basi, lakuti tikuyesako. Tayesako mpaka taiwala kunena kuti zandipweteka.

Achinyamata athu a m'matchalitchi atsopanowa awonjezapo ndi chawo. Ukangoti ugwetse msozi amakugwira paphewa n'kukuuza kuti ulankhule zachipambano. Chikhulupiriro chawo sindikutsutsa, ndipo kuimba kwawo ndimakukonda. Koma munthu amene sanalire amayi ake apambana chiyani?

Ndipo taonani mmene timasenzetsera katundu tsiku limodzi lokumanalo. Tikufuna kuti lichiritse zaka zisanu ndi zitatu, lilipire maliro onse amene munthu sanafikepo, liyankhe makalata onse amene sanayankhidwe, komanso likhale losangalatsa, nkhuku iphedwe, ajambule zithunzi. Tsiku lotani limene lingathe zonsezo? Likayamba mosiyana ndi mmene tinalilotera timakhumudwa, n'kubisala kuseri kwa ulemu. Ulemu wake wopatsana madzi osamba ofunda uku mitima ili gwa.

Timadzitonthoza kuti chibale ndi fupa, sichiola. Zoona. Koma ine ndaona abale amene sanayambanepo chibadwire, amatumizirana moni Khirisimasi iliyonse, koma sadziwana n'komwe. Sanakanganepo, anangozembana mpaka kuzolowera.

Makolo amene anaika mwambo wolira pakhomo uja sanali opusa. Ankadziwa kuti munthu ukamulola kukhala pampando, kumwa madzi ndi kufunsa za mvula, salira ayi. Ndiye anaika chovutacho patsogolo, chikwama chisanalowe m'nyumba. Ife ophunzira tinachisunthira kumapeto, kumene nthawi imakhala itatha.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lolemba m'mawa ndinawaperekeza akulu kukakwera minibasi ya ku Lusaka. Anapeza malo apawindo, ine ndinaima panja. Mukudziwa kuti minibasi sinyamuka isanadzaze, ndiye tinali ndi kanthawi kongoyang'anana. Ndinawauza kuti apereke moni kwa alamu. Iwo anati ndisamalire ana. Mipando inatsala iwiri, kenaka umodzi.

Pamenepo anatulutsa mutu pawindo, osandiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Iwe Lameki, amai benze kunifunsa?"

Ndikanatha kunena kuti anapita mwamtendere, monga timanenera tonse. Koma ndinatopa nako kuzemba.

"Tsiku lililonse," ndinatero. "Geti ikalira benze kukamba ati ni Yotamu."

Anagwira chitsulo cha windo ndi manja onse awiri. Anandiuza kuti uthenga wa matenda unawapeza nthawi ilipo, tchuthi anapatsidwa, ndipo anafika mpaka pokwerera basi. Koma anaopa kudzaona amayi atatha thupi, anabwerera kunyumba n'kudziuza kuti apita mwezi wamawa. Zaka zitatu zonsezi sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wawo.

"Nenze nifuna unikalipile," anatero. "Manje iwe unanipatsa chabe nsomba."

Analira akulu anga, pamaso pa amayi ogulitsa nthochi ndi anthu odzaza minibasi. Inenso ndinalira, ndevu zangazi zilipo, ndipo palibe amene anatiseka. Mayi wina amene anakhala pambali pawo anangochotsa katundu wake pamiyendo yawo kuti alire bwino. Sindinamve kuti ndapambana mlandu. Ndinangomva chisoni kuti munthuyu anasenza zimenezi yekha, ine ndili kalikiliki kumukonzera chiweruzo.

Munthu womaliza anakwera, chitseko chinatsekedwa, minibasi inanyamuka. Ndinayenda nayo masitepe angapo nditagwira dzanja lawo mpaka linapulumuka.

Tinapatsidwa masiku anayi, tinagwiritsa ntchito mphindi ziwiri. Kumanda sitinapite. Sindikudziwa kuti adzabweranso liti, ndipo pa msinkhu wathuwu palibe amene angalonjeze kuti adzapeza mnzake.

Inu muli ndi wanu amene akubwera, mwina mwezi uno, mwina pa Khirisimasi. Nyumba mwayamba kale kukolopa, ndipo mawu amene iye ayenera kunena mwamukonzera. Kodi nanunso mudikira kuti mpando womaliza udzaze?