Amake Lameki

Phokoso la chimanga chogwera m'beseni la lata limandibwezerabe ku Kanakantapa, m'nyengo yozizira imene mlongo wanga wamkulu, Lameki, anamwalira. Ndinali kamtsikana ka pulayimale, miyendo yotuwa, ndipo ntchito yanga inali kutola zitsononkho.

Uthenga unabwera pa njinga. Bambo wina amene ankakama ng'ombe ndi Lameki ku Palabana anafika fumbi lili mbuu, n'kuitanira atate kuseri kwa nkhokwe. Amayi anangouzidwa kuti Lameki wadwala kwambiri, monga amachitira onyamula uthenga wa maliro. Amayi anayamba kumanga ufa wa phala ndi nsinjiro m'chitenje. Anthu anali atasonkhana, aliyense maso pansi, popanda wowaletsa. Amene anawalanda kamtoloko anali amake Joni, aneba athu ochokera ku Petauke, mayi wamfupi wa mawu osasa. Anawakhazika pansi atawagwira manja onse awiri.

"Amake Lameki, osamanga vakudya. Mwana wamwalira, wazipaya yeka. Nili pano, siniyenda."

Amati maliro n'kulirana, koma pa athuwa, a munthu wodzipha, anthu analira mothamanga ngati asiya mphika pamoto. Akwaya anabwera ochepa. Zitatha, dzina la Lameki linasowa pakhomo. Atate anachotsa chithunzi chake pakhoma, azakhali n'kulamula kuti dzinalo lisadzapatsidwe khanda lililonse, lingakoke tsoka. Ndipo amayi, amene chibadwire changa anali amake Lameki, anthu anayamba kuwaitana ndi dzina langa: amake Esinati. Ndisaname, ndinanyada. Ndinkayenda kuchigayo khosi lili m'mwamba.

Amake Joni okha ndiwo sanasinthe. M'mawa uliwonse, mame asanaume, ankabwera ndi beseni lawo n'kufuula ali kunjira: "Odi, amake Lameki!" Ankakhala pamphasa n'kumatonola chimanga chathu, fumbi lake likuyabwa m'khosi, zala zikung'ambika ndi chisanu. Ankafunsa zinthu zimene ine ndinkaziona ngati zachibwana: ngati Lameki anachedwa kumera mano, ndani anamuphunzitsa kuimba likhweru. Amayi ankayankha, n'kulira, nthawi zina n'kuseka misozi ili chuchuchu. Mbatata yophika imene amake Joni ankabweretsa ndi chakudya chokhacho chimene amayi ankatsiriza.

Ine ndinkangoona misoziyo. Atatenso chimodzimodzi. Tsiku lina anawadikirira pafupi ndi khola la mbuzi.

"Amake Joni, mubwera kuliritsa mkazi wanga masiku onse. Lekani, timusiye aiwale."

"Namvera, atate ake Lameki," anatero, n'kusenza beseni lawo.

Sanabwerenso. Pakhomo panakhala bata limene tonse tinkalifuna. Amayi anasiya kulira, anasiyanso kuseka, ndipo chimanga chotsalacho tinatonola tili chete. Mvula isanagwe, banja la amake Joni linabwerera kwawo. Amayi anakhala amake Esinati mpaka tsiku limene tinawaika, koma ankachedwa kuyankha, ngati akudikira kuti mwini dzina ayankhe.

Kalelo ndinkaganiza kuti amake Joni ankatsegula chilonda. Lero ndimamva chisoni, chifukwa ndikudziwa kuti mwa ife tonse, iwo okha ndi amene ankalola amayi kukhalabe mayi wa mwana wawo.

Ndili mayi kale, ndinakumana ndi Joni pamsika wa Chongwe akugulitsa anyezi. Ndinamufunsa za amake, n'kundiuza kuti anamwalira. Kenaka anati iye sanali woyamba kubadwa. Kunali mlongo wake amene anapita m'njira yomwe anapitira Lameki, asanasamuke ku Petauke, ndipo amake anali ndi dzina lina anthu asanawatche amake Joni. Ndinamufunsa dzina la mtsikanayo. Joni anayang'ana anyezi wake.

"Sibananiuzepo," anatero.