Bokosi la Nyundo za Ababa

Ndinkapeta mpunga dzulo pamene mdzukulu wanga Asiyatu anafika akuthamanga. "Anganga, bokosi la nyundo labwera!" Lichero ndinaponya uko, nthungululu ndinaimba ine.

Fungo lake ndi lomwe lija, la makala ndi siliva wotentha. Ababa ankasula zipini za pamphuno ndi mphete patsinde pa mango, luso losiyiridwa ndi agogo awo. Atamwalira, abambo aang'ono anati, "Senza bokosili, mwanawe, nyundozi tikazitsukitse ku Malosa." Ndinasenza ndikuimba mpaka kumsewu, ndipo ndinkadikira kuti zibwera zikuwala. Iwo anakatsegula nazo shopu ku Limbe, dzina la ababa atalifufuta pabokosipo.

Mwana wa abambo aang'onowo ndiye walibweza, maso ali pansi.

Odzavina posangalalira bokosilo anali Abiti Saidi, aNachisale, Che Mdala, Esinati ndi mapasa ake. Dzina la abambo aang'ono, inenso ndalifufuta.