Tsamba Limene Ndinadumpha

Chikwangwani chili pakhomo la laibulale ya koleji yathu ndinalemba ndine, nditabwera kuchokera ku maphunziro a zaumwini wa mabuku. Chimati kuchita fotokope buku lathunthu n'koletsedwa. Ndinachikhoma monyadira, ngakhale muno mumangolowa mphepo ya m'phiri basi.

Mwezi watha kunabwera Mayi Namakhwa, mphunzitsi wa masamu, buku lili m'manja.

"Bambo, ophunzira anga alibe buku. Tangondichitirani lonseli."

Ndinayang'ana chikwangwani changa chija, kenaka ndinawakokera mpando. Makina akulira, iwo ankandifotokozera za nandolo wawo wa ku Nkhulambe. Ineyo ndinkatembenuza masamba pang'onopang'ono, dala, n'kumawauza kuti makina atentha, abwerenso mawa.

Tsamba limodzi lokha ndinalidumpha, lija wolemba amachenjezapo kuti bukulo lisakopedwe popanda chilolezo chake. Ndinaliphimba ndi chikhatho ngati mwiniwakeyo akundisuzumira pawindo.

"Nanga ili?" anafunsa mayiwo.

"Mulibe masamu umu, amayi."

Buku litatha anathokoza, n'kupita. Sanabwerenso. Mpando uja sindinaubwezere pamalo pake, ndipo dzulo ndinadzipeza ndili pashelefu ya masamu, ndikufunafuna buku lokhuthala kuposa lija.