Tsiku Limene Mayi Pan Anadya Chakudya cha Seva

Chien Mao-sung anakulira ku Taichung, kuseri kwa kashopu ka bambo ake kokonzera mawailesi. Ali mwana ankaona mdalayo akuwomba wailesi yakufa ndi chikhatho, wailesi n'kuyamba kuimba, mwini wake n'kuchoka akuthokoza. Mao-sung analumbira kuti iye sadzakhala wa zoyerekezazo. Anapita kukoleji n'kuphunzira mmene makompyuta amalankhulirana, mmene uthenga umadulidwira tizidutswa, kalikonse n'kunyamula adiresi ya kumene kakupita. Anabwerako ndi satifiketi komanso mapewa okwera, ndipo analembedwa ntchito pafakitale ya a Ko, yopanga matcheni ndi mabuleki a njinga.

Paukwati ndi pamaliro ankadzitchula injiniya wa netiweki, koma pafakitale anali "a Chien a mawaya" basi. Ankamuitana pulinta ikakana, ketulo ikafa, ngakhale bwana Ko akaiwala nambala yotsegulira foni yawo. Netiweki ikamayenda bwino, bwanayo ankafunsa kuti munthu ameneyu timamulipirira chiyani. Ikaima, ankafunsanso funso lomwelo.

Naye Chien sanali munthu wophweka. Ankaona akuba a pa intaneti paliponse. Mwezi ndi mwezi ankakakamiza anthu kusintha pasiwedi, ndipo inkayenera kukhala yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala, moti aliyense ankangoilemba pakapepala n'kumata pakompyuta pomwepo. Kunyumba nako wayifayi anaimanga zolimba, mpaka mkazi wake Yueh-o anatopa n'kuyamba kugwiritsa ntchito ya aneba, amene pasiwedi yawo inali dzina la galu wawo.

M'kachipinda kozizira momwe munali seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za fakitale, munkakhala paketi yobiriwira ya tokhwasula ta kokonati. Inkaikidwa pamwamba pa makinawo kuti azimvera, monga amachitira aliyense m'maofesi. Iyenera kukhala yobiriwira, ngati nyali ya makina amene ali bwino, ndipo sidyedwa. Sabata yake yoyamba Chien anaitaya m'bini.

"Iwe, waphunzira kwambiri eti?" anakalipa bwana Ko. "Kumene amapanga makompyutawo amaika, ndiye iwe ndiwe ndani? Kaitole!"

Anakaitola. Patapita zaka anayamba kumaona yekha ngati paketiyo sinathe nthawi, n'kumati amangochitira anthu kuti mitima ikhale m'malo.

Tsoka linamupeza m'mwezi wa mizimu, umene anthu amati akufa amayendayenda pakati pa amoyo, chaka chimene azungu ogula mabuleki ankabwera kudzayendera fakitale. Bwana Ko analamula kuti paliponse pawale. Chien anakhala m'mawa wonse m'kachipinda kaja, kupesa mawaya ngati tsitsi la mkwatibwi. Atatsala pang'ono kumaliza anaona waya wabuluu ukulendewera, mutu wake uli pansi. Zinamunyansa. Anautola, n'kuulowetsa pabowo lopanda kanthu la swichi, bokosi limene mawaya onse a makompyuta amakumanamo. Anasamba m'manja n'kupita kukadya mpunga wake wa nkhumba.

Asanafike pakati pa chakudya, foni inalira. Maimelo sakupita. Maoda sakutseguka. Makina omata mapepala pamakatoni aima, ndipo malole ali pamzere pageti.

Chien anathamanga timitengo todyera tili m'manja. Tinyali ta swichi tinkaphethira tonse pamodzi ngati tagwidwa ndi malungo. Anayesa kugogoda pakompyuta iliyonse kudzera pa yake, koma palibe inayankha. Anaimbira kampani ya intaneti n'kumukalipira mtsikana amene anayankha, mtsikanayo n'kumuuza mwaulemu kuti kwawo zonse zili bwino, kodi ayesa kuzimitsa n'kuyatsanso? Chien anadula foni.

"Bwana, atilowa," Chien anauza bwana Ko, amene anali atangofika, ndi mawu a munthu amene ulosi wake wakwaniritsidwa. "Akuba akunja. Ndakhala ndikunena ine."

"Akufuna chiyani kwa ife? Mabuleki?"

"Simungawadziwe anthu amenewa."

Bwana Ko anayang'ana pamwamba pa seva, nkhope n'kusintha. Paketi inali yong'ambika, tokhwasula titatsala nyenyeswa.

"Wadya ndani?"

Anthu amene anadzazana pakhomo anayang'anana. Kenaka anatulukira mayi Pan a ku ofesi ya maoda, amene anayamba ntchito fakitale ikadali shedi. Iwo anali ndi matenda a shuga. Anati a Chien atapita kokadya anasiya chitseko chotsegula, iwo akudutsa anamva chizungulire, maso n'kugwera papaketipo.

"Ndimati ndigula ina madzulo, bwana."

"Achemwali, mwezi wa mizimu uno! Alendo afika mawa! Bwanji osadya dzanja langali?"

Bwana Ko sanatume munthu. Anakwera okha njinga yamoto. Sitolo yapafupi inali ndi mapaketi achikasu okhaokha, amene amaika makina pachiswe, ndiye anapitirira mpaka kumsika.

M'mbuyo muno Chien anali atagwada kuseri kwa makina, akutsatira mawaya mmodzimmodzi, poti nzeru zina zinali zitamuthera. Anagwira wabuluu uja n'kuutsata ndi zala kuti aone kompyuta imene ukuchokera. Wayawo unazungulira kuseri, unakwera, unatsika, n'kubwerera m'swichi momwemo. Mitu yonse iwiri inali m'bokosi limodzi. Zimenezi anaziphunzira chaka choyamba: uthenga ukatuluka pabowo lina n'kulowera linzake umangozungulira, n'kumaberekana, mpaka njira yonse kudzaza. Wakuba wakunja uja anali iye mwini.

Akadali chogwada, anamva phokoso pakhomo. Bwana Ko analowa chipewa cha njinga chili kumutu, paketi yobiriwira ataigwira ndi manja awiri. Anawerama pang'ono, n'kuikhazika paseva.

"Pepani, taonani takubwezerani," ananong'ona.

Dzanja la Chien linachita lokha. Linasolola waya uja n'kuulowetsa m'thumba la buluku.

Tinyali tinadekha. Ku ofesi wina anakuwa kuti maimelo akulowa. Anthu anaomba m'manja, wina mpaka analira. Bwana Ko anatembenukira Chien maso ali gwa.

"Injiniya, ukuti bwanji tsopano? Akuba ako aja athawa paketi?"

Chien anatsegula pakamwa. Anaona anthu onse amene kwa zaka anawazunza ndi mapasiwedi, akumuyang'ana.

"Zilipo zinthu zina, bwana, zimene kukoleji saphunzitsa," anatero.

Alendo anabwera, anayamikira kukongola kwa mawaya, anajambula paketi n'kumapita. Chitseko cha seva anachiika loko, kiyi n'kupatsa Chien, pamodzi ndi udindo watsopano wa mkulu woona za chitetezo. Mayi Pan anapatsidwa dzina loti Adyaseva, ndipo makina alionse akavuta, ngakhale fani, anthu ankafunsa kuti kodi lero amayi adya kale. Iwo ankangoseka nawo.

Chien anayamba kuwalambalala mayiwo. Akawaona m'khonde ankakhota ngati waiwala kanthu. Koma paphwando lotsekera chaka anawaika tebulo limodzi. Mayi Pan anamuthirira tiyi, anamuikira nsomba m'mbale, n'kunena motsitsa:

"Achimwene, waya wabuluu uja mukadasungabe?"

Chien anaika timitengo todyera pansi.

"Waya uti, achemwali?"

"Ndinali pakhomo paja ndikulira. Koma munthu polira satsinzina ayi." Anamwetulira. "Musaope, ine dzina ndalizolowera. Kungoti kwa mwana wanga wayifayi sifika kuchipinda chapamwamba."

Lamlungu lotsatira Chien anali kwa mwana wa mayi Pan, akukhoma kabokosi kowonjezera mphamvu pamasitepe. Lamlungu linalo anali kwa mlamu wawo, amene kamera ya pageti inkangoonetsa mdima. Kenaka kukachisi wa kwawo kwa mayiwo, kumene ankafuna kuti okalamba azionera mapemphero pafoni. A Pan anali mtundu waukulu, wobalalika kuyambira kunyanja mpaka kumapiri, ndipo aliyense anali ndi chinachake chosalumikizika. Sankamulipira, koma ankamudyetsa kwambiri, moti ananenepa, n'kuyamba kudziwika m'midzi imene sanaiganizirepo. Ana ankamuthamangira akukuwa kuti amalume a wayifayi afika. Paukwati wina wa a Pan anamukhazika kutebulo la akuluakulu.

Mayi Pan anapuma ntchito, koma foni yawo sinapume. Chien naye tsitsi layera tsopano. Sabata yatha anamuitanira kumapiri, kwa mchimwene wa mayiwo amene amalima tiyi. Yueh-o anamupeza akumangirira chikwama cha zida panjinga yamoto.

"Koma bambo inu, anthu amenewa anakudyetsani chiyani? Ndi abale anu?"

"Ndi anthu abwino," anatero Chien, akumanga lamba wa chipewa.

"Mukafunse ngati ali ndi tiyi wa chaka chino. Wa ulendo watha uja anali wabwino. Ndipo mubwere ndi nsungwi zanthete zandiwo zija."

Chien anagwedeza mutu, analiza njinga, n'kulowera msewu wa kumapiri.