Kuperekeza Ba Esnati Kukafunsa za Baluni

Tinanyamuka ku Simonga cha m'ma 7 koloko m'mawa, ine ndi mkulu wanga Ba Esnati. Iwo amaphika pa loji ina m'mbali mwa Zambezi, ntchito yoimirira tsiku lonse, ndipo mawondo anali atayamba kulikana thupi lawo. Mlendo wina wa pa lojipo ndi amene anawauza za baluni imene madokotala amaika m'mimba kuti munthu azikhuta msanga, thupi lichepe. Tsikulo dokotala wochokera ku Lusaka amaona anthu pa kiliniki ina m'tauni ya Livingstone.

Takisi inali ya 25 kwacha munthu mmodzi. Dalaivala anawayang'ana Ba Esnati, anayang'ana matayala ake, kenako anati, "Ba mayo, imwe nkalani kusogolo, kumbuyo masipuling'i yanalema." Iwo sanaseke. Ife anayi tinathinana kumbuyo ngati mitolo ya nkhuni. Titalowa mu paki ya nyama zakutchire tinapeza njovu zitatu zitaima pamsewu, osafulumira n'komwe. Tinadikira, ndipo panalibe wodandaula, poti njovu siimva hutala.

Tinatsika pafupi ndi Mukuni Park 8 koloko itapitirira, anyamata a ziboliboli akuyala malonda awo. Ndinagula zitumbuwa ziwiri ndi maheu. Ba Esnati anakana, ati asakalemere pa sikelo. Kenako anandigwira dzanja.

"Tisa, mvela. Ba dokota bakafunsa za maalasa, iwe zii. Nizakamba neka."

Apa mpamene ndinadziwa chimene ndinaitanidwira. Chaka chatha iwowa anagona m'chipatala masiku anayi akusanza magazi chifukwa cha maalasawo, zilonda za m'mimba, ndipo beseni ndinkagwira ndine. Chikhalirecho m'mawa uliwonse amameza mapilitsi awiri opha ululu wa mawondo, ogula pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, asanamwe ndi tiyi yemwe.

"Nanga ine mwanditengeranji?" ndinafunsa.

"Banati nibwele na wachibale. Iwe ndiwe mufana, sunganisushe pa bantu."

Amanena zoona. Kwathu wamng'ono satsutsa mkulu wake pamaso pa alendo, angakhale akunama masanasana. Umadikira mufike kunyumba. Anasiya alamu anga, anasiya anzawo a kutchalitchi, n'kusankha ine chifukwa amadziwa kuti pakamwa panga mpomangika kale.

Ku kiliniki tinafika 9 koloko, wapansi, tikupuma pa mthunzi uliwonse. Namwino anawayeza kulemera ndi kutalika, n'kulemba. Dokotalayo anali mayi wamagalasi, wolankhula mosathamanga. Anafotokoza kuti baluniyo amailowetsa kudzera pakamwa, n'kuidzaza madzi amchere ili m'chifu, ndipo imakhalamo pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Ndi ya munthu amene thupi lapitirira kwambiri msinkhu wake, amene anayesa kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi koma osaphula kanthu.

"Bati baluni siyenda ku maliketi, siphika," anatero. "Tikaichosa mwabwelela kudya kwakudala, na thupi izabwela."

Kenako anayamba mafunso. Muli ndi pakati? Mukuyamwitsa? Munachitidwapo opaleshoni ya chifu? Mowa? Ba Esnati amangoti iyayi, ndipo zonsezo zinali zoona.

"Maalasa?"

"Kulibe."

"Mapilisi yamene mumamwa daily?"

"Kulibe, ba dokota."

Dokotala anatembenukira kwa ine. "Ba sisi, ni zoona?"

Ndinamva phazi la mkulu wanga likuponda langa pansi pa tebulo, ndipo si phazi lopepuka ayi. Ndinazemba funsolo. Ndinati, "Nanga munthu wa zilonda mukamuika baluniyo, chimachitika n'chiyani?"

"Chilonda chingayambe kuchoka magazi, olo chifu kubooka. Muntu angafe."

Ine mantha anandigwira, manyazi nawo anandigwira, koma mantha ndiwo anakula. Ndinaulula zonse: masiku anayi aja, magazi, mapilitsi a pa kantemba. Ndimalankhula nditayang'ana khoma.

Dokotala sanakalipe. Anati baluni pakadali pano ayi. Choyamba aone m'chifu ndi kakamera, zilonda zipole, mapilitsi aja asiyiretu chifukwa ndi amene amakanda zilondazo. Anawalembera mankhwala ena a mawondo, nawatumiza kwa mlangizi wa zakudya. Zikadzayenda bwino adzakambirananso.

"Manje nchito?" anafunsa Ba Esnati. "Nikalepela kuimilila bazanichosa."

"Nizakulembelani kalata bakupaseni mupando mu kicheni," anayankha dokotala. "Anyezi mungadule muli nkale."

Takisi yobwerera tinakwera 1 koloko, dzuwa likuswa mtengo. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo pakati pa mayi wonyamula thumba la kapenta ndi bambo wina wa ku Mongu amene anandifotokozera za mtengo wa simenti njira yonse. Ba Esnati sanacheuke ngakhale kamodzi. Ndimangoona khosi lawo.

Titatsika ku Simonga anayenda patsogolo mpaka pa geti la nyumba yawo, pamenepo anaima.

"Wanichitisa nsoni, Tisa."

"Inde, ba sisi."

"Pa Thursday kuli kamela ija. Nizayenda. Bati osati na iwe."

Analowa, n'kutseka geti, osandiuza kuti ndilowe ndimwe madzi. Sichinachitikepo chibadwire changa, ndipo mtima unandiwawa, sindinama. Ndinabwerera ndekha ku siteji kukadikira takisi ya kwathu, ndikupukuta m'maso ndi chitenje. Ndinaphunzira tsikulo kuti baluni ija si ya aliyense wonenepa, komanso kuti ulemu umene tinaleredwa nawo ukhoza kumuperekeza munthu kumanda uli chigwadire. Bola andikwiyire ali moyo. Lachinayi anapitadi, ndi alamu.