Ndinkapeta Mankhusu ku Beira

Mvula italeka chimanga chikadali m'mawondo, ndinauza amake Roza kuti ndikupita ku Beira. Ndinali kale ndi imvi. Iwo anafunsa kuti ndani angalembe ntchito nkhalamba ya kalasi yachinayi. M'mawa mwake ndinakwera kamiyau, lole yonyamula katundu, kwathu pa Chipera.

Mnzanga amene tinathawira naye ku Zambia nthawi ya nkhondo anandipezera malo pa fabrika ina yopanga matabwa a pulasitiki. Pulasitiki payekha ndi wofooka, amapindika padzuwa. Kuti alimbe, ankamusakaniza ndi phulusa la mankhusu a mpunga. Ntchito yanga inali kuwotcha mankhusuwo pang'onopang'ono mpaka phulusa liyere. Kenako makina ankalipera mpaka tinthu take tichepe kosaoneka ndi maso. Ophunzira ankatitchula kuti nano. Enjenyera wathu, mayi wa ku Quelimane amene tonse tinkamuti Dotora, anandiuza kuti tinthuto timalowa paliponse m'pulasitiki n'kumugwira, monga udzu umagwirira dothi la chipupa. Zimenezo ndinazimva.

Mwezi wachitatu matabwa anayamba kusweka powayesa. Dotora anasintha kutentha kwa ng'anjo, anasintha muyeso, sizinathandize. Ine ndinatapa mankhusu kumanja, n'kuluma pang'ono. Mchenga unalira m'mano. Alimi ankapunthira mpunga pansi, ndipo sefa ya pafabrika inkalola mchenga wosalala kudutsa. Loweruka ndinagula lichero pamsika. Lolemba ndinakhala pansi kuseri kwa ng'anjo n'kuyamba kupeta, monga ndinkawaonera amayi anga. Anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anandifunsa ngati afunika kundigulira chitenje. Matabwa a phulusa limenelo sanasweke. Dotora anawayesa kawiri, kenako anabwera kudzaima pamene ndinkapetera, nati: "Senyor Phiri, kuyambira lero thumba lililonse lizidutsa m'manja mwanu."

Ndinapeta zaka zisanu ndi chimodzi.

Kunyumba sindinanene. Ndalama ndinkatumiza pa foni mwezi uliwonse, ndipo amake Roza akafunsa za ntchito ndinkati ndimayang'anira moto ndi makina. Kwathu mwamuna sagwira lichero. Ndinkaopa kuti mkazi amene anandiona ndikugwetsa mitengo ndi kupha njiri akamva, ulemu wake pa ine utha. Ndinkagona ndekha m'kachipinda ka malata, Lamulungu ndinkakapemphera pakati pa anthu olankhula Chisena. Kusungulumwa ndinakupirira. Chimene chinkandilemera ndi bodzalo.

Maso atayamba kufooka ndinabwerera. Dotora anandipatsa thabwa limodzi kuti ndikaonetse kwathu. Ndinaliika pakhonde pa miyala iwiri, amuna atatu anaimapo, silinapindike. Anthu anafunsa kuti ndi mtengo wanji. Ndinati ndi mankhusu. Sanakhulupirire mpaka ndinafotokoza za moto ndi phulusa. Za lichero ndinadumpha.

Alendo atapita, amake Roza anandiyang'ana manja. Anati chikhatho cha munthu wa makina sichikhala ndi zipsera m'mbali mwa zala zazikulu. Anafunsa kuti n'chiyani chinandidya pamenepo. Ndinawauza zonse, mchenga, kuseka kwa anzanga, zaka zonsezo. Ndinalankhula nditayang'ana pansi, chinthu chimene sindinachitepo pamaso pa mkazi.

Sanaseke. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi lichero la mapira, n'kundiikira pamiyendo.

"Petani ndione."

Ndinapeta. Mungu unapita kutsogolo, timiyala tinasonkhana kumbuyo, mapira oyera pakati. Iwo anatola timiyalato, anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo ake Roza, ndiye thabwa lija lalimba chifukwa cha ichi?"

Ndinavomera.

"Ife timapeta chibadwire, palibe anatipatsapo thabwa. Mawa mukauze anthu aja mbali imene munasiya."

Ndinakawauza, pabwalo la tchalitchi, amuna ndi akazi ali pomwepo. Amuna ena anatsokomola. Mwa akazi, mmodzi anafunsa ngati Dotorayo akudziwa kuti mapira amavuta kupeta kuposa mpunga. Ndinati sakudziwa. Ku Chipera kuno aliyense wovala chitenje akanatha kupulumutsa fabrika ija tsiku limodzi. Ine ndinangokhala amene ndinalipo, ndipo sindinachite manyazi kukhala pansi.