Miyala ya ku Phiri la Moto

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala ku South Bend m'kanyumba kam'mwamba komwe mawindo ake ankanjenjemera basi ikamadutsa. Amayi ankasamalira okalamba, mashifiti otsatizana, ndiye holide yanga inali yomweyomweyo chaka ndi chaka: kundikweza galimoto, kudutsa minda ya chimanga yosatha ija, n'kukanditula ku Indianapolis kwa amalume. Dziko lake ndi lathyathyathya, moti ungayende mpaka kutopa osaona ngakhale chulu.

Chaka chimenecho amalume, omwe ankagwira ntchito yopereka mankhwala pachipatala, anakonza zopita ku Hawaii kukaona phiri lolavula moto. Anati apita ndi akazi awo Anti Esnati, mwana wawo Tadala yemwe ndi msuweni wanga wamsinkhu umodzi, ndi ineyo. Koma sukulu ili pafupi kutsekera ndinagula nkhululu zodyetsa abuluzi m'sitolo ya ziweto, n'kuzikhuthulira m'dirowa ya aphunzitsi a masamu. Kulumpha kumene analumpha bambo aja mpaka lero ndimakuyamikira. Anandisasipenda, ndipo amalume anagamula kuti mwana wolephera kukhazikika pa desiki sangamutengere m'mphepete mwa dzenje la moto.

Zithunzi zinayamba kufika pa foni ya amayi. Tadala ataima pa nthaka yakuda bii ngati makala, utsi ukufuka kumbuyo kwake. Tadala akuloza chiphalaphala chofiira chikutsetserekera m'nyanja, madzi akuwira. Ankandiimbira dala kundiuza kuti mpweya wake umanunkha mazira owola, kuti pansi pamafunda mpaka kuphazi kudutsa nsapato. Ine ndinkamvetsera nditatsamira windo, ndikuonerera malo oimikapo magalimoto. Nsanje ili ngati chilonda cha m'kamwa, lilime limangobwererako.

Atabwerako amalume anaitana Amalawi kunyumba kwawo kufupi ndi Speedway, Loweruka masana, nyama ikupsa kuseri. Mukudziwa kuti kwathu wapaulendo safika chimanjamanja. Anti Esnati anati malaya olembedwa aliyense angagule m'masitolo a pafupi pomwepo ku Lafayette Road, iwo ankafuna mphatso yeniyeni. Choncho ali kuphiriko anatuma Tadala kutola miyala, banja lililonse wakewake, n'kuikulunga m'mapepala ofewa. Inali yakuda, yamabowomabowo ngati siponji, yopepuka modabwitsa, yokanda m'manja. Azimayi ankailandira ndi manja awiri, ena mpaka kuinunkhiza. Akuluakulu ankafunsa m'Chichewa, Tadala n'kumayankha m'Chingerezi akutambasula manja, ndipo ana onse amene ankanditsatira ine pa misonkhano yotere anakhala pansi momuzungulira. Ine anandipatsa kamwala kochepa ngati mtedza.

"Gwira bwino, suweni, ungapse," anatero Tadala. Ana aja anaseka.

Ndinakabisala kuseri kwa galaja n'kuyamba kusecha pa foni chilichonse choipa chokhudza phirilo. Sindinavutike n'komwe kupeka bodza. Ndinapeza kuti kumeneko amati phirilo lili ndi mwini wake, ndipo wotengako mwala tsoka limamulondola, moti alendo ambiri amaibweza miyalayo akafika kwawo. Ndinasankha amayi Gondwe, otsogolera kwaya, omwe nkhani sinkagona m'kamwa mwawo. Ndinawagwadira mwaulemu wonse.

"Amayi, ndingofunsa nawo. Mwala wotengedwa pamalo a mizimu umatha kumugwira munthu wopemphera?"

Anawerenga pa foniyo milomo ikugwedezeka. Kenako anandiuza kuti ife ndife ana a Mulungu, zoterozo sizitikhudza. Akulankhula choncho anali akutulutsa mwala uja m'chikwama chawo, n'kuuika pansi pa mpando, n'kupukuta zala pa chitenje.

Masiku otsatirawo mafoni sanapume. Wina tayala linamuphulikira pamsewu waukulu. Wina analephera mayeso a unamwino. Kwa amayi Gondwe filiji inazima, chambo chimene anachita kubwera nacho kuchokera kumudzi chinawola chonse. Aliyense ankayamba ndi mawu akuti iye sakhulupirira zimenezi, kenako n'kuwonjezera "koma". Ine ndinali nditatsala kwa amalume kudya holide, ndiye ndinauthandizako mzimuwo pang'ono. Mwala waukulu umene Anti anauika mu kabati ya magalasi unkapezeka m'mawa uli mu nsapato yawo ya kutchalitchi, tsiku lina mu mpunga. Tadala anawauza kuti ndi ine, koma Anti anali atamva kale za chambo, ndipo anamukalipira kuti asamasewere ndi zinthu zimene sakuzidziwa.

Miyala inabwerera umodziumodzi, ina yokulungidwa m'majumbo awiriawiri, mpaka inadzaza kandowa m'galaja. Panalibenso wofuna kumva za phiri. Tadala akangoti "ku Hawaii", azimayi ankasintha nkhani. Ana anabwerera kwa ine. Ndikukuuzani, sindinadyepo chakudya chokoma ngati cha masiku amenewo.

Ndiye panakhala kamsonkhano pabalaza, amayi anga atabwera kudzanditenga. Amalume anati nkhaniyi ndi yosavuta, miyalayo aiike m'katoni aitumize pa positi monga amachitira anthu ena. Anti anakanitsitsa.

"Bambo a Tadala, munaona kuti? Chinthu chotenga osapempha satumiza pa positi. Amene anatola ndi amene amakabweza, ndi manja ake awiri, n'kupepesa kwa eni ake."

Amayi anavomereza ndi mutu. Amalume anayesa kudandaula za kutalika kwa ulendo, koma Anti anawafunsa ngati akufuna kudikira kuti kenanso kachitike. Ndinaona nkhope ya Tadala ikuwala pang'onopang'ono, chifukwa amene anatola anali iye. Anagwirizana kuti sukulu ikadzapumira chaka chinacho, iye ndi bambo ake adzanyamule miyalayo kubwerera nayo kuphiri.

Ndinadzuka msangamsanga. Ndinati ndine ndinatulukira ngoziyi, ndinapulumutsa mabanja onse, bwanji ndipite nawo ndikanyamule kandowako. Anti anandiyang'ana mwachifundo chenicheni.

"Khala pansi, Kondwani mwanawe. Pa nkhani iyi ndiwe wekha wopanda mlandu."

Tadala anachita kuthamangira kubafa kukasekera komweko. Chaka chinacho anapitadi kuphiri kuja, ndipo zithunzi zinafikanso, iye atagwada pa nthaka yakuda ija akuika miyala pansi ndi manja awiri, diso limodzi akunditsinzinira.

Masiku ano zinthu zinasintha. Wopita kutali amabwera ndi timaginito tomata pa filiji, ndipo azimayi omwe aja amasecha okha pa foni asanalandire mphatso, moti mwana wanzeru zake alibenso poyambira. Tadala phiri lija analiona kawiri, ine ndimalionerabe pa galasi la foni, ndipo akandifunsa ngati ndinalapa ndimangomuseka. Nkhululu sindinong'oneza nazo bondo, mwala wa mu mpunga ndingauikemonso mawa. Chimene chimandiwawa n'chakuti tsiku limodzi lokha limene akuluakulu anandipeza wosalakwa ndi lomwe linandimanitsa ulendo. Kuyambira pamenepo ndimaonetsetsa kuti pa nkhani iliyonse ya pabanja pathu ndikhalemo ndi mlandu wanga.